Zala zanga, diso la amayi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, ndi nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pa tsamba lino. Ambiri munaona chithunzi chimene ndinaika sabata yatha, nditavala yunifolomu ya timu ya volebo ya pakoleji pathu, mpira uli m'khwapa, mano onse ali pamtunda. Munandilembera mawu okoma, ena mpaka kunena kuti ndine mwana wamwayi. Ndathokoza, koma mawu amenewo si oyenera ine, chifukwa munthu amene analipira chithunzi chimenecho sanaonekemo. Amayi anga lero ali ndi diso limodzi, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkakhulupirira kuti linalo ndinalizima ndine. Kunena zoona, mpaka pano pali masiku amene ndimakhulupirirabe choncho. Ndikufuna ndikuuzeni mmene mlandu umenewu unatsalira pang'ono kundiphwanyitsa zala ndi tsogolo lomwe, ndi mmene Mulungu anandigwirira dzanja kudzera mwa munthu amene ndinkadana naye kuposa wina aliyense m'Chawama monse.

Ine ndine Nelia. Ndinabadwira ku Chawama, ngakhale kuti kunyumba timati kwathu ndi ku Dedza, kumene agogo anga aamuna anachokera kudzagwira ntchito yophika mu Lusaka muno. Ku Dedzako sindinapondeko phazi. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo tinatsala awiri, ine ndi amayi, m'chipinda chimodzi cha lendi. Chimene chandidyetsa ndi kundiphunzitsa moyo wanga wonse ndi miyala. Amuna amatentha matayala akale pa thanthwe kuti ling'aluke, n'kukumba zimiyala zikuluzikulu, ndipo azimayi amagula zimenezo n'kumaziphwanya ndi nyundo mpaka zisanduke tizidutswa tomangira nyumba. Aliyense ali ndi mulu wake m'mbali mwa msewu. Pophwanya, mwala amauzinga ndi kamphira kodulidwa ku tayala, n'kugwira kumapeto kwake kuti dzanja likhale patali ndi nyundo. Ngakhale zili choncho, palibe mayi wa pamiyala amene ali ndi zikhadabo zonse, ndipo chala chamkombaphala cha amayi anga chinapindika ndisanabadwe.

Pamiyala anthu amakangana tsiku lililonse, koma pali lamulo limodzi limene palibe amaliphwanya. Mayi akaferedwa n'kukakhala pa maliro, mnzake aliyense poweruka amathira ndowa imodzi ya miyala yophwanya kale pa mulu wa woferedwayo, mpaka mwini wake adzabwerere. Amaitcha ndowa ya maliro. Imayenda pa maliro pokha, pa matenda ayi. Amati pamiyala aliyense ndi wodwala kale, uyu chifuwa, uyu msana, ndiye akati azithirirana chifukwa cha matenda palibe angagulitse kanthu.

Volebo ndinayamba ndili giredi 8. Sindine wamtali, ndipo tsiku loyamba atsikana anandiseka kuti ndabwera kudzatola mipira. Koma a Sakala, aphunzitsi athu a masamu amenenso anali kochi, anaona mmene mpira unkakhalira pa zala zanga, n'kundiika pa malo a seta. Seta ndi amene amalandira mpira wachiwiri n'kuukankhira m'mwamba ndi nsonga za zala, kuuika pamalo penipeni pamwamba pa neti kuti mnzake wamtali aumenye. Anthu amaombera m'manja womenyayo, koma mpira ukachoka molakwika pa zala za seta, ngakhale wamtali ngati mlongoti sangaphule kanthu. Masewerawa ndinawakonda mopenga. Ndinkadzuka mbandakucha kumakankhira mpira wazigamba pa khoma la nyumba mpaka akazi a landilodi atatuluka ndi tsache. Popita kukatunga madzi ndinkapita ndikufinya kampira ka tenesi kuti zala zilimbe. Pa mapepala a kumapeto a makope anga munali mizere ya bwalo yokhayokha.

Tsiku lina a Sakala anadutsa pamiyala n'kupatsa amayi moni. Potsanzikana anawauza moseka kuti, "Mama, mwana uyu ali na manja. Vikumo vake ni chuma, muvisunge." Ankanena zala zanga. Iwo ankangocheza, koma amayi anatenga mawuwo ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo nyundo sindinaigwirenso. Loweruka ndinkaloledwa kunyamula miyala, kusefa fumbi ndi kudzaza ndowa, basi. Ana a azimayi ena onse ankaphwanya, ine ndekha ndinali woletsedwa, ndipo sindibisa, zinkandikomera.

Amene sanazione bwino anali Bana Mulenga, mayi wachibemba wa mawu ngati lipenga, amene mulu wawo unali woyandikana ndi wathu. Iwo ndi amayi ankalimbirana ogula chaka ndi chaka. Ndikangotulukira ankafuula kuti, "Ba madamu bafika! Sesani pansi, bangazichite tuvikumo!" Azimayi onse ankaseka. Ine ndili ndi pakamwa, amene amandidziwa angachitire umboni. Tsiku lina zitandikwana ndinawayankha kuti, "Sekani chabe, ine sinizakafera pa myala monga imwe." Kuseka kunatha pomwepo. Nditacheuka ndinaona amayi anga atawerama, akumenya mwala umene unali utaphwanyika kale. Ndinali nditaiwala kuti nawonso ali m'gulu la "imwe" limenelo. Sanandikalipire, ndipo ine sindinapepese.

Chimene ndinkafuna m'moyo ndinachidziwa ndili giredi 10. Pa mpikisano wina mnzanga anaguluka bondo, ndipo panabwera mayi wina wachitsikana n'kuligwiragwira modekha, kulimanga, n'kumuuza zochita kuti adzathamangenso. Ndinamutsatira mpaka pa tenti kukamufunsa dzina la ntchito yake. Anati ndi mafizo, ntchito yowongola matupi a anthu ovulala ndi kuwaphunzitsanso kuyenda kapena kugwira zinthu. Nthawi yomweyo ndinaganiza za msana wa amayi, umene ndinkauponda ndi mapazi madzulo aliwonse kuti agone. Kenako a Sakala anatiuza kuti pali koleji ina ya zaumoyo imene ili ndi timu ya volebo, ndipo chaka chilichonse imatenga osewera ochepa a m'masukulu kuti akaphunzire osalipira, bola akhoze bwino sayansi. Anthu ake amabwera kudzasankha pa masewero omaliza a chigawo. Kwa mwana wa mayi wa pamiyala khomo linali limenelo, lina panalibe. Nditafika giredi 12 timu yathu inali yolimba, ndipo masewero omalizawo anali oti achitike kumapeto kwa Julaye.

Mu Juni, nyengo yozizira imene anthu amamanga kwambiri, kontalakitala wina anauza amayi kuti akufuna lole yodzaza, ndipo adzatenga Lolemba. Unali mwayi umene mayi wa pamiyala amaulota. Loweruka m'mawa ndikumanga nsapato, amayi anaima pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Nelia, lero sungakhaleko? Uzingondisendezera miyala, nyundo ayi." Pa zaka zonse zimene ndinasewera, aka kanali koyamba kundipempha kuti ndijombe. Ndinakwinya nkhope n'kuwauza kuti a kochi anena kuti wojomba lero adzakhala pa benchi. Zinali zoona, koma ndikudziwa kuti ndikanawafotokozera a Sakala akanamvetsa. Sindinafune basi. Amayi anandiyang'ana ndi maso awo onse awiri n'kunena kuti, "Pita mwanangu." Ndinapita, ndipo tsiku limenelo ndinasewera bwino kwambiri.

Ndinabwerera madzulo ndikuimba. Ndinapeza amayi atakhala pa mphasa, diso lamanzere atalimanga ndi kansalu. Chifukwa chosowa wowasendezera miyala ntchito inawachedwera, ndiye anapitiriza kumenya mothamanga dzuwa litalowa kale, mpaka kachidutswa kanathetheka n'kuwalasa m'diso. Amene anawagwira dzanja kuwaperekeza kunyumba anali Bana Mulenga, koma ine sindinawathokoze n'komwe.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandisowetsa mtendere kwambiri. Amayi anakana kupita kuchipatala lole isanabwere, ndipo Lamulungu anaphwanya tsiku lonse ndi diso lomanga, ine ndikuwasendezera miyala imene anandipempha dzulo lake. Anthu a pamalo pathu anabwera ndi nzeru zawo. Panabwera mayi wina wodziwika kuti amachotsa zitsotso m'maso ndi lilime, ananyambita n'kunena kuti chatuluka. Wina anati tidonthezeremo mkaka wa m'mawere, ndipo ndinapita ndine ndi kasupuni kukapempha kwa mtsikana wina woyamwitsa. Wina anati madzi a shuga amachotsa kufiira. Amene ankatsegula chikope cha amayi n'kumadonthezamo zonsezi m'mawa ndi madzulo ndinali ine, mwana wa giredi 12, amene ndinajambula diso la munthu m'kope la bayoloje n'kukhoza zonse. Mumtima ndinkadziwa kuti si bwino. Koma ndinkafunitsitsa kuti likhale bala laling'ono, chifukwa likanakhala lalikulu ndiye kuti kupita kwanga ku mpira kunali kwakukulunso.

Lole inabwera n'kupita. Ululu unachepako pang'ono, tonse tinati mankhwala agwira. Kenako diso linatupa, linayera ngati la nsomba yophika, ndipo amayi anayamba kubuula ndi mutu. Kukiliniki anangoliona kamodzi n'kutitumiza kuchipatala chachikulu cha m'tauni. Dokotala anafunsa kuti tinathiramo chiyani, ndipo ndinatchula chimodzichimodzi. Anafunsa kuti ankathira ndani. Ndinati ndine. Anayang'ana juzi ya sukulu imene ndinavala, n'kupitiriza kulemba. Bola akanandimenya mbama. Anatiuza kuti kachidutswa kanali kakadali m'kati, kuti tikanabwera tsiku loyamba mwina akanayesa, koma tsopano diso laola ndipo liyenera kuchotsedwa.

Amayi atatuluka m'chipatala anauzidwa kuti asayandikire fumbi kwa nthawi yaitali. Azimayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu ankabwera kudzapemphera nawo, ndipo ine ndikangowaona ndinkatenga chigubu n'kupita kumpopi ngakhale madzi ali odzaza m'nyumba. Sindinkatha kutseka maso pamaso pa Mulungu, chifukwa ndikatseka ndinkaona amayi ataima pakhomo paja akundipempha. Iwo sanandinene ngakhale kamodzi. Ankangophonya kapu akafuna kuitenga, kapena kugunda chitseko ndi phewa, n'kuseka okha kuti azolowera. Kuseka kumeneko kunkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

M'nyumba chakudya chinayamba kutha. M'mawa wina ndinasolola nyundo pansi pa bedi. Amayi anati, "Siya nyundoyo." Ndinawafunsa kuti tidya chiyani, n'kutuluka nayo. Ndinasiya sukulu, ndinasiya mpira, n'kukakhala pa malo awo m'mbali mwa msewu. A Sakala anandilondola komweko n'kunena kuti bwalo likundidikira. Ndinawayankha pamaso pa anthu kuti, "Ba kochi, mpira wanu wadya liso ya bamai banga. Mufuna udyenso chani?" Bambo wamkulu uja anavula kapusi n'kubwerera. Mlandu unali wanga, koma ndinkafuna wina woti andisenzeko.

Pano ndinene chinthu chimene sindinauzepo anthu ambiri. Njala inali yoona, koma si njala yokha imene inanditengera pamiyala. Kamphira kogwirira mwala kaja ndinakakankhira pambali, n'kumagwira mwala ndi zala zenizeni, zomwe zija amayi anazisunga zaka zonsezi. Ndinkamenya mwamphamvu, ndipo pansi pa mtima ndinkadikira kuti nyundo iphonye. Ndinkaganiza kuti zala zikaphwanyika ndiye kuti talingana, iwo diso, ine dzanja, ndipo ndidzatha kuwayang'ananso kumaso. Tsiku lina inaphonyadi pang'ono n'kugunda nsonga ya chala chapakati cha kumanzere. Chikhadabo chinada nthawi yomweyo. Abale anga, ndikuchita manyazi kunena, koma chimene ndinamva sichinali ululu wokha. Ndinamva kupepukidwa, ndipo ndinaika chala chomwecho pa mwala wotsatira. Satana akafuna kukumaliza amatha kukunamiza kuti chimene ukuchitacho ndi kulapa.

M'mawa wa tsiku lotsatira ndinafika pamiyala anthu asanabwere. Kunkazizira, chala chinkagunda ngati chili ndi mtima wakewake. Ndinakhala pa thumba limene amayi ankakhalira pophwanya ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ndinapemphera. Silinali pemphero lokongola. Sindinapemphe mpira, sindinapemphe koleji, chifukwa ndinkaona kuti sindiyenera. Ndinangoti, Mulungu, ngati mukundilanga ndilangeni zithe, ngati mukundimasula ndimasuleni, koma musandisiye pakatikati chonchi chifukwa ndatopa. Nditatsegula maso panalibe chimene chinasintha. Ndinatenga nyundo n'kuyamba kumenya.

Dzuwa litakwera, ndikukweza nyundo m'mwamba, dzanja lokhakhala ngati chikwanje chadzimbiri linandigwira pamkono. Anali Bana Mulenga. Chiyambireni ine kukhala pa malo a amayi sanandiseke ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndinkaganiza kuti akusangalala chamumtima kuti madamu atsika.

"Iwe mwana, uganiza sinikuona?" anatero. "Kamphira kali apo pansi, iwe ugwira mwala na vikumo. Ufuna kuvipwanya dala."

Ndinayesa kukoka mkono koma sanandisiye. Ndinati, "Nisiyeni. Ni vikumo vanga."

"Si vako! Bamai bako banavigula na liso. Sunga vintu va bene."

Analanda nyundo ija n'kuikulunga m'chitenje chawo. Kenako anandilozera kumapeto kwa mzere, kumene mwana wawo woyamba, Mulenga, ankaphwanya miyala ali ndi khanda kumsana. Sanandipose zaka zambiri. Anatsitsa mawu, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha, n'kunena kuti, "Uja enze kutamanga. Ba ticha benze kubwela mpaka kunyumba kumupempa. Ine ninamupasa nyundo. Nikaseka, sinenze kuseka iwe."

Kenako anaimirira pamwamba pa mulu wawo n'kuitana azimayi onse. Anawauza kuti kuyambira tsiku limenelo ndowa ya maliro iziyenda pa mulu wa amake Nelia. Panali kung'ung'udza. Mayi wina anafuula kuti wafa ndani, awa ndi matenda chabe, lamulo tonse tikulidziwa. Bana Mulenga anagwira m'chiuno n'kumuyankha kuti, "Liso yafa. Yasala ku chipatala. Olo iwe unaiona yabwela? Ni maliro!" Ena anaseka, ena anapukusa mitu, koma palibe anapeza potsutsa. Sanadikire nthawi yoweruka. Anadzaza ndowa pa mulu wawo womwewo umene ankalimbirana ogula ake ndi amayi anga, n'kudzaikhuthula pa wathu. Wachiwiri kuthira anali Mulenga. Poweruka onse anathira, ngakhale wong'ung'udza uja, amene anathira akunyinyirika mpaka ndowa kutha. Ine ndinangokhala pansi ndikulira mokweza ngati kamwana, fumbi la miyala likusanduka matope kumaso. Amenewa anali azimayi omwe aja ndinawauza kuti sindidzafera pa miyala ngati iwo.

Bana Mulenga ananena kuti kugulitsa azigulitsa okha n'kumakapereka ndalama kwa amayi, koma akangomva kuti ndajomba sukulu kapena mpira, ndowa iima tsiku lomwelo. Motero ndinabwerera. Ndinakagwada mu ofesi ya a Sakala, ndipo iwo anangondifunsa kuti chala chili bwanji, n'kuchimanga ndi tepi okha. Musaganize kuti zonse zinangoyera pomwepo. Masiku oyamba ndinkasewera ngati wakuba. Mpira uliwonse umene ndinkaukweza ndinkamva ngati ndikudya ndowa ya mayi wina amene ana ake akugona ndi njala. Chala chinkapweteka, mipira inkachoka yopendama, ndipo anzanga anayamba kundikayikira. Koma tsopano ndinalibe kothawira. Kusiya kukanakhala kutaya diso la amayi ndi thukuta la azimayi onse aja pamodzi. Ndinayambiranso kudzuka mbandakucha ndi mpira wazigamba uja, ndipo akazi a landilodi ulendo uno sanatuluke ndi tsache.

Tsiku la masewero omaliza kunali mphepo ya fumbi ija ya mu Julaye. Tikutenthetsa thupi, mnzanga anandikodola kuti pageti pali anthu akundifuna. Ndinapeza amayi atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi magalasi akuda obwereka, Bana Mulenga atawagwira pa chigongono cha mbali yosaonayo. Amayi anali asanandionepo ndikusewera, chifukwa Loweruka lililonse ankakhala pamiyala. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti dokotala analetsa fumbi, kuti akufuna kuwononga ndi lotsalalo, kuti abwerere. Ndikulankhula choncho, chimene chinatuluka ndi chimene ndinkachibisa mumtima chiyambire. Ndinagwada pageti pomwepo, ana a sukulu akudutsa, n'kunena kuti, "Amayi, munandipempha tsiku limodzi lokha. Ndikhululukireni." Anafufuza mutu wanga ndi dzanja, n'kuphonya koyamba, kenako anaupeza. Anati, "Amene anati pita ndine. Dzuka." Nditadzuka anavula magalasi aja, anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Landitsalira limodzi. Lisiye likaone chimene linzake linafera."

Sindikudziwa kuti ndinalowa bwanji m'bwalo. Chimene ndikukumbukira ndi chakuti kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi manja anga anapepuka. Mpira unkabwera, zala zinkadziwa zokha kokauika. Amayi anakhala kumapeto kwa benchi atapendeketsa mutu kuti diso lamanja litsate mpira, ndipo Bana Mulenga, amene sankadziwa lamulo ngakhale limodzi la volebo, ankakalipira woimbira mpira nthawi iliyonse imene waloza mbali ya anzathu. Sitinapambane. Anzathuwo anali aatali ndipo anatigonjetsa pa chigawo chomaliza. Ndikutuluka m'bwalo misozi ili chuchuchu, mayi wina wa kukoleji ija anandiimitsa n'kufunsa chimene chinachitikira chala changa. Ndinamuuza kuti ndi nyundo. Kenako anafunsa dzina langa ndi mmene ndimakhozera sayansi.

Miyezi yotsalayo ndinawerenga ngati wamisala, ndipo Mulungu anandikomera mtima, ndinakhoza, koleji ija n'kunditenga. Lero ndikuphunzira mafizo ndiponso ndine seta wa timu ya pakoleji. Amayi nyundo anaisiya. Azimayi a chigwirizano anawathandiza kuyamba kugulitsa zitumbuwa ndi munkoyo, chakumwa chathu changati thobwa, pamiyala pomwepo, ndipo tsiku limene anabwerera ndowa ya maliro inaima monga mwa lamulo. Iwo ndi Bana Mulenga amakanganabe, tsopano nkhani yake ndi kuchepa kwa zitumbuwa. Ndikapita kunyumba msana wa amayi sindiupondanso ndi mapazi, ndimaugwira monga akutiphunzitsira, ndipo mzere wa azimayi odandaula mapewa umafika panja. Cholinga changa ndi chakuti ndikamaliza ndidzagwire ntchito ndi osewera, koma tsiku limodzi pa sabata lidzakhale la anthu a pamiyala, osalipira. Ngongole ya ndowa zija sindingaimalize, koma ndikufuna ndidzafe ndikubweza.

Sindikuuzani kuti mlandu unatheratu mumtima mwanga, chifukwa kumeneko kungakhale kunama pa umboni. Diso silinabwerere. Amayi akamathira tiyi pambali pa kapu, chinachake chimandibayabe m'chifuwa. Koma ndinapempha Mulungu kuti andilange kapena andimasule, ndipo Iye anatuma mayi wa pakamwa kuposa ine kudzandilanda nyundo. Ndikumuthokoza chifukwa cha zimenezo. Ndikuthokoza a Sakala amene ndinawanyoza koma sanandisungire chakukhosi, azimayi onse a pamiyala, ndi amayi anga amene sindidziwa kuti ndingawathokoze ndi mawu ati.

Kwa inu amene mukuwerenga, pali ziwiri. Munthu akavulala diso, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, musathiremo kanthu ngakhale wakuuzani akhale ndani. Chachiwiri ndi cha iwe amene wina anakuvutikira kuti ufike pamene ulipo, ndipo ukuona kuti sunayenere. Mwina sunayeneredi, inenso sindinayenere. Koma kudziwononga sikubweza chimene anataya, kumangochititsa kuti akhale atataya pachabe. Limba mtima, pemphera ngakhale pemphero losakongola, ndipo dzanja likakugwira pamkono usayambe wafunsa kuti ndi la ndani.

Nyundo ya amayi ikadali kwa Bana Mulenga. Akuti adzandibwezera tsiku limene ndidzavale gauni, osati lisanafike. Mundipempherere, abale anga, kuti ndidzakailandire ndi zala zonse khumi, amayi akuona.